Sabufa ya mdzukulu ndi ng'oma za atsibweni

Mdzukulu wanga wamkulu anabwera kuchokera ku Joni mu Disembala wapitayu ndi katundu amene anyamata awiri anachita kuthandizana pomutsitsa pa njinga yamoto ya kabaza. Ine ndinkayesa ndi kafiriji. Atang'amba makatoni munatuluka chibokosi chakuda, kutsogolo kuli sipika imodzi yaikulu ngati kalichero, kumbuyo kuli timabatani titatu.

"Agogo, iyi ndi sabufa. Masipika anu aja akhala okha nthawi yaitali, ndawapezera mkulu wawo."

Masipika amene amanenawo ndi mabokosi awiri amene ndinakhoma ndi manja angawa mu 1993, ndipo mpaka lero sanandichititsepo manyazi. Mnyamatayo anakankhira chibokosi chake pakona, pafupi ndi kabati, nalumikiza mawaya, napotokola mabatani onse mpaka pothera. Nyimbo itangoyamba, mbale za m'kabati zinayamba kuvina, malata akuti phwerere, chithunzi chathu cha ukwati chinapendama pakhoma, galu anadzuka pakhonde n'kukagona kukhola. Agogo ake aakazi anasuzumira ali ndi mthiko m'manja.

"Kodi inu, mwaitanitsa chigayo m'nyumba muno?"

Mdzukuluyo anangoti mano mbee, kusangalala. Ine ndinamuleka, poti mlendo sumudzudzula tsiku lofika. Koma itakwana nthawi ya nkhani, woulutsa mawu ankamveka ngati walowetsa mutu mumgolo. Ndinagona ndisanamve kuti feteleza wafika pa mtengo wanji.

Khutu langa silinaphunzire pa wailesi. Ndinabadwa mu 1951, chitaganya chisanayambe, m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu, kumene ukatuluka m'nyumba m'mawa phiri la Bunda limakhala ngati laima kuseri kwa nkhokwe. Atsibweni anga ankasema ng'oma, ndipo ine ndinali mwana wowanyamulira. Za kudambwe sindinena pano, si malo ake. Ndikunena za ng'oma zokha, zimene aliyense woima pabwalo ankaziona ndi kuzimva.

Gule asanayambe, ntchito yanga inali kukoleza kamoto ka udzu pambali pa bwalo. Ng'oma zinkawambidwa pamotopo imodziimodzi, chikumba chikungike, mawu akwere. Imene inkafunika kutsika ankaimata phula la nsatsi pakati, chikumba chilemere, chizigwedezeka mwaulesi. Atsibweni ankaimenya ndi chala, kupendeketsa mutu, kuchotsako phula pang'ono ndi chikhadabo, kumenyanso. Sankaimvera payokha ayi. Ankauza wa mbalule kuti aombe, wa mpanje alowe, kenaka m'pamene ankamvera ngati gunda wakhala pamalo pake. Mbalule ndiye wolankhula, ndiye amauza wovina poponda phazi. Gunda ali pansi pa onse, ngati mafuwa pansi pa mphika. Tsiku lina mnyamata wina wamphamvu zake anagwira gunda n'kumamenya ngati akupuntha nyemba. Atsibweni anamugwira dzanja gule ali mkati.

"Iwe, anthu akayamba kucheukira kwa iwe ndiye kuti walakwa. Ng'oma iyi aziimva m'chifuwa, maso ali kwa wovina."

Chinanso chimene ndinachidziwa ndili mwana n'chakuti usiku kukakhala gule kutsidya kwa dambo, midzi itatu kapena inayi kuchokera kwathu, chimene chinkafika pamphasa yanga ndi gu, gu, gu yekha. Nyimbo za amayi, m'manja, mbalule, zonse zinkafera m'njira. Mawu apansi ndiwo amayenda mtunda, ndiwonso amaboola khoma. Paja mnansi wako samva nyimbo imene ukumvera, amangomva kugunda kwake.

Makina oimba anafika kwathu ndi anthu a ku Wenela. Achimwene anga aakulu anabwerako mu 1973 ndi njinga, mabulangete, sutikesi yachitsulo ndi gumbagumba. Inenso ndinali nditakonzeka kukalembetsa, koma mu Epulo 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera kumigodi, ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Mmalo mwa mgodi ndinagwira pulena ndi sowo. Ukalipentala wanga unayamba chotero.

Dzina loti gumbagumba limamveka ngati chinthu chogunda, koma kunena zoona mawu ake anali owonda. Tikafuna kuvina tinkamanga mpanda wa udzu, polowa munthu ankalipira, wofuna nyimbo yake ankabetcha. Mbale zinali zing'onozing'ono zija, nyimbo imodzi mbali iyi ina mbali inayo: simanjemanje ya ku Joni, kanindo wa ku Kenya. Mabatire a PM9 akayamba kufooka, oimba ankayamba kukoka mawu ngati aledzera. Mahlathini, bambo wa mawu okhuthala uja woimba ndi Mahotella Queens, pa kasipika ka achimwene ankamveka ngati chule wa m'chitini. Ngakhale wailesi ya Nzeru imene bambo ankamverapo Kapalepale inali chimodzimodzi: mawu a anthu ankamveka bwinobwino, koma pansi panalibe kanthu.

Amene anatulukira nzeru ya mtsuko sanali wa m'mudzi mwathu, tinaionera kwa anyamata a kumsika. Umamasula sipika m'bokosi mwake, kuionjezera waya, n'kuikhazika pakamwa pa mtsuko itayang'ana kumwamba, m'mbali n'kutseka ndi nsanza. Tsiku loyamba kuyesa, tinayang'anana. Gitala ya besi, imene tinali tisanadziwe n'komwe kuti ilimo m'mbalemo, inatulukira ngati munthu wobisala kuseri kwa chitseko. Tinayesa mphika wa ndiwo, sizinathandize. Tinayesa ndowa, inkalira chitsulo. Mtsuko wong'aluka unali wopanda ntchito. Yoposa zonse inali mbiya yofululira mowa, ndipo tinaibweza mochedwa tsiku limene amayi ankafuna kusuza. Zimene ananena madzulo amenewo sindingazilembe.

Chifukwa chimene mtsuko unkathandizira ndinadzachimva patapita zaka, nditapita chikamwini kuno ku Nathenje mu 1978. Benchi yanga inali pakhonde la sitolo ina moyang'ana msewu wa M1, ndipo pambali panga pankakhala mnzanga wokonza mawailesi, malemu tsopano. Iye ndiye anandigwiritsa chala pa pepala la sipika ikulira. Pepalalo likamapita kutsogolo limakankha mpweya, koma nthawi yomweyo kumbuyo kwake limaukoka. Pa mawu apamwamba limanjenjemera mofulumira kwambiri, mpweya supeza mpata wozungulira. Pa mawu apansi limayenda pang'onopang'ono, ndiye mpweya wokankhidwa kutsogolo umangokhota m'mphepete n'kukadzaza kumbuyo, zonse n'kuthera pomwepo. Mtsuko unkatsekera mpweya wa kumbuyowo m'ndende. Ntchito ya bokosi la sipika ndi yomweyo basi, ndipo kalipentala amene wasiya mpata m'mfundo za matabwa wapanga mtsuko wong'aluka.

Nthawi ya makaseti ndiyo inandidyetsa. Anthu akagulitsa fodya ku Kanengo ankabwera ndi sipika m'chikwama, ina yochotsa m'galimoto yakufa, ina yogula kwa amwenye m'tauni, n'kunena kuti, "Amisiri, mundikhomere bokosi loti likalira azimva ku Kamphata." Cha m'ma 1990, nyimbo za ku Balaka zitagwira moto, Alleluya Band, Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, kuonjezapo Lucky Dube ndi sungura ya ku Zimbabwe, aliyense ankafuna besi. Nyumba zoonetsa mavidiyo nazo zinabuka. Mabatire a galimoto ankayenda pa keriyala ya njinga kupita kotchajitsa ngati odwala opita kuchipatala. Ine ndinaphunzira poononga matabwa: thabwa likhale lochindikala, guluu asachepe, mkati uyalemo thonje kapena bulangete lakutha. Ukafuna kuboola bowo lotulukira mpweya, paipi yake ikhale ya muyeso, chifukwa ikafupika bokosi limangofuula liwu limodzi, nyimbo iliyonse buu, buu, ngati ng'ombe yosowa mwana.

Manyazi aakulu pa ntchito yanga ndinawaona pa ukwati wina kwathu ku Mitundu. Mkwati anali mwana wa mlongo wanga, ndiye ndinalonjeza kuti zoimbira ndi zanga. Ndinakhoma mabokosi awiri, lililonse la sipika ya mainchesi 12, tinawanyamula pa ngolo. Kunyumba ndinali nditawayesa limodzilimodzi, lililonse linkagunda mpaka fumbi kudzuka. Pabwalo titalumikiza onse awiri, besi inasowa. Phokoso linalipo, koma lopanda thupi. Kuonjezera voliyumu, ayi ndithu. Nthawi ya perekaniperekani inali itayandikira, ankhoswe akundiyang'ana, ndipo ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti alipo amene wamanga zoimbirazo chifukwa cha nsanje. Mwamwayi mnzanga uja anali nawo paukwatipo. Anasiya mbale ya nsima, napempha tochi, nachotsamo batire limodzi. Anagunditsa mawaya a bokosi loyamba pa batirelo, pepala linatuluka. Anagunditsa a lachiwiri mofananamo, pepala linalowa mkati.

"Aphiri, masipika anuwa akukangana. Ina ikukankha, inzake ikukoka."

Anatembenuza mawaya awiri a bokosi limodzi, basi. Besi inabwerera mwamphamvu moti ana amene anakhala pafupi analumpha. Amayi aja anati mankhwala asuluka. Kuyambira tsiku limenelo, waya wa pulasi ndimaumanga mfundo kunsonga, ngakhale utakhala wofiira kale.

Ndiye m'mawa mwake mwa tsiku la chigayo lija, titamwa tiyi, ndinauza mdzukulu kuti atembenuze chibokosi chake ndione kumbuyo. Batani loyamba linalembedwa level, lachiwiri crossover, lozunguliridwa ndi manambala kuyambira 40 mpaka 160, lachitatu phase, longokhala ndi mbali ziwiri, 0 ndi 180. Ndinamufunsa tanthauzo la manambalawo. Anakanda m'mutu, natulutsa foni, ndipo apa ndiyenera kumuyamikira, chifukwa anawerenga modekha n'kumandimasulira.

Manambalawo ndi kuchuluka kwa maulendo amene pepala la sipika limagwedezeka pa sekondi imodzi, amalemba kuti Hz. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira 20 mpaka 20,000. Langali linasiya kalekale kumva za kumtundako. Nsambo yokhuthala kwambiri ya gitala ya besi imalira pa 41. Mawu a mwamuna akamayankhula amayambira cha m'ma 100. Batani la crossover ndi malire a munda: pansi pa nambala imene wasankha ndi gawo la sabufa, pamwamba pake iwasiyire masipika enawo. Ambiri amaika pa 80. Iye anali ataika pa 160, kutanthauza kuti sabufa inkalima m'munda wa mabokosi anga, onse n'kumaimba mawu amodzimodzi, ndipo woulutsa nkhani uja anagwera pakati pawo. Mgolo unachokera pamenepo.

"Bweza msanga ufike pa 80," ndinatero.

"Dikirani agogo, akuti tiyambe tapeza malo ake."

Apa m'pamene nkhaniyo inandikoma, poti inafika pa tepi yoyezera. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Ukagawa ndi 80 upeza kuti funde limodzi la liwu limenelo ndi lotalika mamita anayi ndi kachidutswa. Chipinda changa chochezera ndinachiyeza ndekha pomanga: mamita anayi m'litali, atatu ndi theka m'lifupi. Ndiye kuti funde limodzi lokha likudzaza chipinda chonse, likagunda khoma n'kubwerera n'kukumana ndi linzake. Pena amathandizana, besi n'kuunjikana. Pena amafafanizana ngati masipika a paukwati paja, n'kusiya dzenje. Ndinayenda m'chipindamo nyimbo ikulira ndipo zinalidi choncho. Kukhoma kunkagunda mpaka m'mano, pakati pa chipinda kunali zii, ndipo mpando wanga unali m'mphepete mwa dzenjelo. Pakona pamene anaika paja ndi pamene sabufa imafuula koposa, chifukwa makoma awiri ndi pansi zonse zimaithandiza, koma mawu ake amatuluka ophikana ngati phala la dzulo.

Njira yopezera malo ndi yoseketsa. Umanyamula sabufa n'kuikhazika pampando pamene umakhala iwe mwini, kenaka iweyo n'kumakwawa m'mbali mwa makoma, khutu lili pafupi ndi pansi, kufunafuna pamene besi ikumveka yosalala, liwu lililonse lofanana mphamvu ndi linzake. Pamene wapeza, mumasinthana malo. Mdzukulu anakwawa, ine ndinkamutsatira chowerama chifukwa maondo anakana. Agogo ake anatipeza tili chomwecho, chibokosi chitakhala pampando wanga ngati mfumu.

"Mwataya chiyani?"

"Tikufuna besi," anayankha mdzukulu.

Anatiyang'ana nthawi yaitali, natuluka osanena kanthu.

Malo tinawapeza kukhoma la kutsogolo, phazi limodzi lalikulu kuchoka pakona, pafupi ndi bokosi lakumanzere. Tinaikhazika pansi pa simenti, pa zidutswa za tayala. Kabati tinaisuntha, pakati pa mbale tinaikapo nsalu, ndipo mnyamatayo anakwera padenga kukakhomerera misomali itatu imene inali itagwedera. Phokoso lambiri limene anthu amati ndi besi sikhala besi, amakhala malata.

Tsopano mabatani. Ndinamuuza kuti azimitse sabufa, timvere mabokosi anga okha, monga atsibweni ankayambira ndi mbalule. Tinasankha nyimbo ya Alick Macheso, mnyamata wa ku Zimbabwe wa magazi a kuno kwathu, chifukwa besi yake siima pamodzi, imakwera ndi kutsika ngati munthu woyenda pa zitunda. Masipika a m'mabokosi anga ndi a mainchesi 8. Gitala ikamatsika ankaitsatira bwino, koma pa mawu awiri atatu apansi penipeni ankayamba kufooka, ngati munthu amene wafika pamene mpweya wamuthera. Malo a sabufa ndi pamenepo, osati pena. Tinaiyatsa crossover ili pa 40, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka dzenje lija litadzaza. Tikapitirira, mawu a woimba ankayamba kunenepa, tikabweza ankabwerera mwakale. Tinaima pang'ono kufika pa 80.

Batani la phase sindinafune kuti andimasulire. Nditangomva kuti limatembenuza kayendedwe ka pepala, ndinadziwa kuti ndi waya wa paukwati uja, angomuika pa switchi kuti anthu asamavutike ndi batire la tochi. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ngakhale mawaya ali bwino, mtunda wochokera pa sabufa ndi wochokera pa masipika kufika pakhutu umasiyana, ndiye pa malire paja akhoza kumakanganabe. Ndinakhala pampando wanga n'kutsinzina, iye n'kumatembenuza uku ndi uku osandiuza. Mbali ina besi inkamveka yodzaza, ina yobooka pakati. Yodzazayo inapezeka kuti ndi 180. M'nyumba ina ikhoza kukhala 0, palibe lamulo.

Pa level m'pamene tinakangana. Ndinamuuza kuti ayambire pansi penipeni, azikweza mpaka ine nditazindikira kuti chibokosicho chayamba kuyankhula, kenaka abweze pang'ono. Batanilo linaima lisanafike n'komwe pakati. Nkhope yake inagwa.

"Ndiye ndalama zanga zapita pachabe, agogo. Sikumvekatu."

"Tazimitsa."

Anazimitsa nyimbo ili mkati. Zinakhala ngati wina wachotsa miyendo ya tebulo. Anayatsanso, nyimbo inaimirira. Ndinamuuza kuti atsinzine aloze kumene besi ikuchokera, ndipo analoza pakati pa mabokosi anga awiri, pamene panalibe kanthu koma kalendala ya mpingo. Mawu apansi chotere khutu silitha kulondola kumene akuchokera. Ukatha kuiloza sabufa ndi chala, ndiye kuti yakwera mopitirira kapena yalowa m'munda wa eni. Madzulo amenewo tinamvera nkhani mpaka kumapeto, ndipo agogo ake anakhala nafe.

Anyamata a m'misika sindiwanena. Ukayenda pa Mitundu tsiku la msika, kapena pano pa Nathenje madzulo, okala iliyonse yoika nyimbo m'mafoni, yometa, yogulitsa mowa, ili ndi kasabufa kake kolumikiza ku batire la sola, besi ili pothera. Tambiri mwa timeneti tilibe crossover kapena phase, tili ndi batani la besi lokha, ndipo timasipika take n'tating'ono kwambiri moti chibokosicho chimakakamizika kuimba ndi mawu a anthu omwe. Iwowo cholinga chawo n'kuitana wodutsa, ngati gunda wa kutsidya kwa dambo, ndipo zimatheka. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti batire likafooka sabweza voliyumu, ampu imayamba kukhadzula mawu, koilo ya sipika n'kupsa. Mwana wa malemu mnzanga uja, amene anatenga benchi ya bambo ake, ali ndi mulu wa timabokosi totere kuseri kwa chitseko. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma iye sadandaula, ndi mmene amapezera ya sopo.

Mdzukulu anabwerera ku Joni mu Januwale, sabufa anaisiya. Asananyamuke ndinatenga pensulo yanga ya ukalipentala n'kulemba kamzere pa batani lililonse, pamene tinagwirizana. Azing'ono ake amene tikukhala nawo pano ndinawaonetsa timizereto, onse anavomera ndi mitu.

Dimba langa lili kumunsi, kuyenda kwa mphindi khumi kuchoka panyumba. Ndikangowerama kuti ndiyambe kuthirira, ndimamva gu, gu, gu kuchokera kumtunda, wopanda nyimbo, wopanda mawu. Pobwera ndimakhosomola dala ndikafika pa mtengo wa mango, ndipo ndimamva mapazi akuthamanga m'nyumba. Ndikalowa ndimapeza onse ali phee ndi makope awo, batani lili pafupi ndi kamzere, koma chithunzi cha ukwati chitapendama.